Kubweza a Zuze Kwawo

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ine, mayi wa ku Ntcheu woopa ngakhale mlatho wa mitengo, ndikapezeke m'bwato ku Mozambique. Ndimakuyankhani mwachidule chifukwa nkhani ikatalika maso anu amathawira pa foni. Tsopano ndinapuma ntchito, nthawi ndili nayo, ndiye ndilemba. Chichewa chikakuvutani, funsani bambo anu. Alibe chochita masana onse.

1985, Nsanje

Unamwino ndinayambira pa chipatala chaching'ono ku Nsanje. Ndinafika ndi sutikesi imodzi ndi juzi ziwiri, ndipo juzizo sindinazivale mpaka ndinachokako. Woyang'anira chipatalacho anali a Dinala, bambo wodekha amene sankakweza mawu ngakhale mankhwala atatheratu. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe, majekeseni tinkawiritsa pa mbaula. Sabata yoyamba anandipeza ndikukalipira mayi wina amene sankayankha mafunso anga. Atachoka mayiyo anandiuza kuti, “Anesi, uyu sakukukanirani, sakukumvani. Phunzirani Chisena. Munthu ululu ukamukulira amabwerera ku chilankhulo cha amake.” Ndinaphunzira monyinyirika, kwa azimayi odikirira odwala, ndipo ankaseka katchulidwe kanga mpaka misozi. Pa zonse zimene ndinatenga ku Nsanje, malungo ndi Chisena ndi zimene zinandikhalitsa.

2003, Rotherham

Ndinabwera ku England ndekha, inu ndi bambo anu n'kutsala ku Blantyre. Podikira kuti mapepala anga a unamwino avomerezedwe, ndinagwira ntchito m'nyumba yosungirako okalamba ku Rotherham. Mayi wa zaka zambiri pa ntchito, amene ndinabereketsa ana osawerengeka, ndinabwerera pa supuni ndi thewera. Poyamba zinandiwawa. Pokwerera basi ndinkalira, mphepo n'kumandiumitsa misozi pamasaya. Koma nkhalamba zija zinandiphunzitsa kudekha, ndipo bwana wanga, ngakhale anali wouma pa nkhani ya tchuthi, ndi amene anandilembera umboni wabwino umene unanditsegulira chipatala cha boma. Mapepala atatuluka ndinapeza malo ku Liverpool, ndipo ndi kumene munandipeza muli ndi majekete aakulu kuposa inu eni.

2015, Liverpool

Wodi yathu inali ya okalamba. Mabedi sankakwana, ifenso sitinkakwana, moti tiyi ndinkamwa choimirira, nthawi zambiri atazizira. Mkulu wathu anali Sisita Maureen, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wokalipa ngati mvula ya mabingu koma wosasunga mangawa.

Nyengo yozizira itayamba anatibweretsera nkhalamba yakuda, yowonda, imene inagwa m'nyumba mwake kufupi ndi doko. Pabedi analembapo kuti Joseph. Oyandikana nawo anati ankagwira ntchito m'sitima za pamadzi, mkazi wawo wachizungu anamwalira kalekale, ndipo ana analibe. Chingerezi ankachidziwa, koma matenda oiwala a ukalamba anali atachifufuta. Anaitanitsa womasulira Chipwitikizi, nayenso anangotolako mawu awiri atatu. M'mawa wina ndikuwakonzera pilo ndinamva akung'ung'udza za mwadiya. Limenelo ndi dzina la bwato ku Nsanje. Ndinawapatsa moni wa Chisena. Anandigwira pamkono mwamphamvu, n'kundiyang'ana ngati ndatuluka m'khoma.

“Ndiwe mwana wa yani?” anafunsa.

“Ndine wa ku Malawi, agogo. Ndinagwirako ntchito ku Nsanje.”

“Ndiye ndiwe wa kumtunda kwa madzi athu. Ine si Joseph. Ndine Zuze.”

Chilankhulo chawo sichinali Chisena chenicheni, chinali chibale chake, koma tinkamvana. Masiku amene mutu wawo unali bwino ankandisimbira za kwawo, kumene Zambezi amathera m'nyanja yamchere. Ankati mudzi wawo uli pa chilumba, pakati pa nkhalango ya mitengo yomera m'madzi amchere, ndipo kulibe njira ya mapazi. Anathawako ali mnyamata poopa thangata ya Apwitikizi, n'kukakwera sitima ku Beira. Kenako kunabwera nkhondo, kenako manyazi obwerera chimanjamanja, kenako ukalamba. Dzina la mudzi, la mtsinje ndi la mlongo wawo Marita ankawatchula mobwerezabwereza ngati pemphero.

Tsiku lina anati, “Mwananga, ndikafa usandisiye kuno. Dothi la kuno silindidziwa.”

“Chabwino, agogo,” ndinatero, maso ali pa botolo la diripi.

“Ayi. Osati chabwino wa kuchipatala. Ndiyang'ane.”

Ndinawayang'ana, ndipo ndinalonjeza. Paja amati pangano linadulitsa mutu wa Yohane, koma tsiku limenelo mwambiwo sunandifikire.

Anamwalira m'mawa wina ndili pa shifiti, dzanja lawo lili m'langa. Ndinawatseka maso ndi pakamwa. Sisita Maureen anafuna kutuma ena kuti akonze thupi chifukwa ntchito inali yambiri, koma ndinapempha kuti ndichite ndine. Ndinawasambitsa ndi madzi ofunda, ndikuwauza m'Chisena changa chopindikacho kuti tsopano ndikukutembenuzani, tsopano ndikupukutani kumaso. Ndinawapesa, n'kuwakulunga m'nsalu yoyera.

2016

Patapita masabata angapo anandiimbira mayi wa ku khonsolo. Anati achibale sanapezeke, choncho maliro ayendetsa ndi iwo, ndipo poti ndine ndekha amene ndinkamvana ndi malemu, ndinene chimene akanafuna. Njira zinali ziwiri. Kuwaika m'manda a anthu opanda abale, dzenje limodzi ndi ena, popanda mwala wa dzina. Kapena kuwotcha thupi, phulusa n'kupatsidwa kwa amene walipempha. Kutumiza bokosi kumudzi umene sindinkadziwa ngati ulipobe kunali kosatheka. Ndikasankha manda, a Zuze atsala ku Liverpool mpaka kalekale. Ndikasankha moto, akhoza kupita kwawo, koma ndikhala nditawotcha munthu.

Bambo anu atamva anaika foloko pansi. “Amake Tadala, munthu amawotchedwa ngati mapesi a m'munda? Agogo amenewa si abale athu. Asiyeni azungu achite zawo, inu manja anu akhale oyera.”

Amayi a kumpingo nawonso sanandinyengerere. Wina anandifunsa kuti pa tsiku lachiukitso ndidzayankha chiyani. Ndinapemphera, ndinasala kudya, yankho lochokera kumwamba silinabwere. Chimene chinkangobwera ndi nkhope ija ikunena kuti ndiyang'ane. Ndinaimbira mayi wa ku khonsolo n'kunena kuti awotche. Nditaika foni ndinakadzitsekera m'chipinda chosungira nsalu za pabedi n'kulira ngati ndapha munthu. Sisita Maureen anandipeza mmenemo. Anandikalipira kuti namwino sayenera kudzitengera odwala kunyumba, kenako anandithandiza kupeza zilolezo zonse, ndipo pa tsiku la mwambowo anabwera atavala zakuda. Tinalipo awiri, ndi m'busa wa pachipatala.

Phulusalo linabwera m'kabokosi kolemera ngati mapaketi awiri a shuga. Ndinakaika pamwamba pa wadiropu. Bambo anu anati sangagone chipinda chimodzi ndi mwamuna wina, ngakhale waphulusa, ndipo anakasamutsira ku kanyumba ka makasu kuseri. Ine ndinakabweza chifukwa kunja kunkazizira. Tinagwirizana za kabati ya pabalaza, ndipo inu munkaonera kanema pambali pake osadziwa kanthu.

Ndinafunafuna a Dinala mpaka ndinawapeza, atapuma ntchito kwawo ku Nsanje. Anafunsa kwa ogulitsa nsomba zouma ochokera ku Mozambique, iwo n'kufunsa anzawo, uthenga n'kumatsika ndi mtsinje. Chaka chitatha yankho linakwera: mudzi ulipo, a Marita ali moyo, ndipo akuti mlongo wawo abwere.

2017, kumathero a Zambezi

Tchuthi changa cha chaka chimenecho chinathera pa ulendowu. A Dinala anandiperekeza pa minibasi ndi pa malole mpaka pa kadoko kena kumene msewu unathera. Miyendo yawo sinalole bwato, choncho anandipereka m'manja mwa a Fombe, msodzi wa kumudzi kwa a Zuze, bambo wa imvi za apo ndi apo amene anatumidwa kudzanditenga.

A Fombe anati tinyamuke m'mamawa madzi akadali odzaza. Ine ndinafuna kukafika pamaliro ngati mayi wa mpingo, bulauzi yoyera yosita bwino, ndiye ndinatuma kuti andipezere simbi ya makala. Makala anachedwa kuyaka. Kenako ndinati tipemphere, ndipo a Dinala akayamba pemphero amayambira kwa Adamu. A Fombe ankangoyang'ana kumtsinje n'kumati, “Mayi, madzi akupita.” Ndinawayankha kuti, “Apita kuti? Madzi sathawa munthu.” Kwathu madzi ukawasiya m'mawa umawapeza pomwepo madzulo. Zaka zonse zija ndinkaona matope a mtsinje wa Mersey ku Liverpool pawindo la basi, ndinkangoti mvula yachepa kumtunda, osadziwa kuti madzi a kufupi ndi nyanja yamchere amaphwa n'kudzazanso tsiku lililonse.

Bwatolo linali la mtengo umodzi wogoba, lopapatiza moti chiuno changa chinachita kukambirana nalo. Ndinakhala pansi, kabokosi kali pamiyendo m'chikwama. Titangokhota kawiri tinalowa m'nkhalango ija, ndipo ndinaona kuti a Zuze sankakokomeza. Mitengo inaima m'madzi pa mizu yake ngati anthu okwinya zovala powoloka. Nthambi zinakumana pamwamba, kuwala kumangodontha. Kunali zii, kupatula nkhafi ya a Fombe ndi tinsomba tina todumpha pamatope ngati achule. Timitsinje tinali tambirimbiri, tofanana tonse, koma a Fombe ankatitchula maina: aka n'ka banja lakuti, umo mumakola nkhanu akazi okhaokha, umu simudulidwa mtengo chifukwa ndi mmene nsomba zimaswera. Anandionetsa mbewu za mitengoyo, zazitali ngati zitheba, zimene zimagwa choimirira n'kudzibzala zokha. Anati munthu akadula mtengo womangira nyumba amatola mbewu zodzaza manja n'kuzizika pamene wadulapo, ndipo wosatero akazi amamuimba nyimbo pamtondo.

Ndikumvetsera choncho, bwato linayamba kukhula pansi. Posakhalitsa madzi onse anali atachoka, ife titakhala pa phala lakuda lonunkha ngati mazira owola. Ndinayesa kutsika kuti ndikankhe, mwendo unalowa mpaka m'bondo, nsapato n'kutsala komweko. A Fombe anandikoka akuseka. “Madzi sathawa munthu, mayi. Angopita kukaona abale, abwera madzulo.” Bulauzi yanga yosita ija inali itasanduka ya makanika. Walira mvula walira matope, ine ndinalirira simbi.

Tinakhala pamenepo dzuwa lonse, udzudzu ukuchita phwando. A Fombe anakola nkhanu ndi kandodo kokowa, tinagawana mpunga wophikira kokonati umene anatenga. Anandiuza kuti pachilumba pawo pali kamtunda kamodzi kokha kouma, ndipo ndi pamene amaika akufa. Maliro onse amafika pa bwato madzi akudzaza, ndipo wobweretsa maliro satsika mpaka mwini maliro atamulandira. Kenako anafunsa, “Nanga bokosi likubwera liti? Manda tinakumba dzulo.”

 Uthenga uja podutsa m'makamwa ambiri, mawu a phulusa anatayika panjira. Ndinatsegula chikwama n'kuwaonetsa kabokosi, ndi kufotokoza zonse. A Fombe anasiya kutafuna. Anasuntha mpaka kumapeto kwa bwato.

“Mayi,” anatero, “kwathu timawotcha munthu amene sitikufuna kuti abwerenso.”

 Madzi atayamba kubwerera, mwakachetechete ngati mwana wolakwa, anatola nkhafi n'kupalasa. Ine ndinkangoti Ambuye, ngati ndinalakwa, chilango chikhale changa, nkhalambayi ifike kwawo.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pagombe panali anthu ambiri, amuna atanyamula mitengo yonyamulira bokosi, akazi atayamba kale kulira. Ataona kuti m'bwato muli mayi mmodzi wamatope ndi chikwama, kulira kunazima. Kutsogolo kunaima mayi wokalamba, wamng'ono thupi, wa maso ofanana ndi a Zuze moti sindinafunse kuti ndani. A Fombe anaimika bwato patali pang'ono ndi mtunda n'kulankhula nawo. Phokoso linabuka. Mwamuna wina, mwana wa a Marita, anakuwa kuti zimenezo zibwerere kumene zachokera, amalume ake si makala. Ena anayamba kubwerera kumudzi. A Fombe anandinong'oneza kuti akakana, tibwerera ndi madzi omwewa asanaphwe.

A Marita anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete.

“Iwe mwana,” anandiitana, “anamuwotcha ndani?”

Ndikananena kuti ndi azungu, palibe akanatsutsa. “Ndinalamula ndine, amayi. Anandipempha kuti ndisawasiye kuja, ndipo njira ina yowabweretsera ndinalibe.”

“Anafa yekha?”

“Ayi. Ndinalipo.”

“Ananditchula?”

“Tsiku lililonse. Chingerezi anaiwala, dzina la mkazi wawo anaiwala, lanu sanaiwale.”

 “Anamutseka maso ndani?”

“Ine.”

“Anamusambitsa ndani? Kapena kumeneko amangotaya munthu ndi thukuta lake?”

“Ndinawasambitsa ndine, ndi madzi ofunda. Ndinawapesanso.”

“Ndi manja amenewo?”

“Omwewa.”

A Marita analowa m'madzi ndi zovala, pang'onopang'ono, mpaka anafika m'chiuno. Mwana wawo anafuna kuwagwira, iwo anamukankha. Atafika pa bwato sanayang'ane kabokosi. Anagwira manja anga, nawatembenuza uku ndi uku. A Fombe anandiuza chapansipansi kuti msodzi akamira m'nyanja thupi osapezeka, amatenga nkhafi imene anaigwira komaliza n'kuitsuka padoko la kwawo, kuti mwini wake atsike m'madzi a makolo ake. “Akuti nkhafi palibe, koma manja alipo. Mukalola, aitana mizimu pa manja anu. Mukakana, sakukakamizani.”

Ana anga, ine ndine mayi wa mpingo, ndipo za mizimu ndinazikana pa ubatizo. Ndinadziwa zimene amayi a ku Liverpool akananena. Koma ndinaganiza kuti manja amenewa agwira magazi, mafinya ndi matewera a anthu a zipembedzo zonse, ndipo Mulungu sanandifunsepo kuti wodwalayo amapemphera kuti. Ndinawatambasula.

A Marita anatunga madzi amchere ndi chikhatho n'kuyamba kunditsuka, chala chimodzichimodzi, mpaka m'zikhadabo. Ankatchula maina a bambo awo, a mayi awo ndi a ena akale, n'kumati, “Uyu ndi Zuze wanu uja. Wachedwa, koma wabwera. Moto sunali womuthamangitsa, unali bwato lake. Mutsegulireni.” Kenako analankhula ndi mlongo wawo, momukalipira ndithu, kuti anapita osatsanzika, kuti mayi anafa akuyang'ana kumtsinje. Kumtunda akazi anayambanso kulira, tsopano kulira kwenikweni kwa maliro, ndipo amene anabwerera aja anatsikanso. Inenso ndinalira. Pa zaka zonse za ntchito yanga ndinalandirapo makadi, maluwa ndi wotchi ya pakhoma, ndipo ndimathokoza, koma palibe anandilemekezapo ngati mayi ameneyo, ataima m'matope n'kumatsuka manja anga.

Atamaliza anati, “Tsopano ndipatse.”

Ndinawapatsa kabokosi kaja. Mwana wawo anabwera ndi mitengo yonyamulira, atagwetsa nkhope, koma iwo anapukusa mutu. Anamasula nsalu ya pamapewa, anawerama, n'kundiuza kuti ndiwaikire kumsana. Ndinawaikira, iwo anamanga mfundo pachifuwa monga amachitira mayi aliyense.

“Tsiku limene ankathawa anandibereka kuchokera kumunda mpaka padoko lino, chifukwa ndinali nditalasidwa ndi munga,” anatero. “Ananditsitsa apa n'kuti ndidikire, abwera madzi akadzaza.”

Anakweza kabokosiko pang'ono kuti kakhale bwino, natembenukira kumtunda.

“Tsika, mwananga,” anandiuza osacheuka. “Madzi adzaza.”